Uthenga wa a Sista unakhala miyezi isanu osawerengedwa

Lolemba lapitali abusa athu anandiimbira foni ndili pa nthawi yopuma kusukulu. Kwaya ya amayi yasoketsa yunifolomu yatsopano, ndipo iwo amafuna kuti zithunzi zake zioneke pa webusaiti ya mpingo Lamulungu lisanafike.

"Aticha, anthu aone kuti kuno ku Chama nafenso tilipo," anatero.

Ndinavomera. Kwa inu amene simundidziwa bwino, ine ndimaphunzitsa makompyuta pa sekondale ina pano pa boma, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi mpingo unandipatsa udindo wosamalira tsamba lathu la pa intaneti. Ndinalipanga ndine zaka zitatu zapitazo. Tsiku limene ndinalionetsa kwa akulu a mpingo anandiombera m'manja, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikulikumbukira pokhapokha pakakhala zithunzi zoti ndiikepo.

Ana ataweruka ndinakhala pansi kuti ndigwire ntchitoyo. Pasiwedi ndinali nditaiwala, moti ndinayesa katatu ndisanalowe. Nditalowa ndinaona kuti m'bokosi la mauthenga muli mauthenga awiri osatsegula. Bokosi limeneli ndinaliika ndekha, pamwamba pake nkulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti "Tilembereni, tidzakuyankhani."

Uthenga woyamba unali wa miyezi isanu yapitayo. Unali wotere:

"Moni a mpingo. Ine ndine Mwiinga, mzamba. Ndangotumizidwa kumene kudzagwira ntchito kuno ku Chama kuchokera kum'mwera, ndipo kwathu ndimapemphera mpingo wanu womwewu. Ndimakhala ndi atate anga amene anafa ziwalo mbali imodzi, amayenda pa njinga ya olumala. Chonde ndiuzeniko nthawi imene mapemphero amayamba, chilankhulo chimene mumapempherera, komanso ngati pakhomo pali masitepe. Atate sanazolowere kukhala panyumba Lamulungu."

Wachiwiri unali wa munthu yemweyo, wa miyezi iwiri yapitayo, ndipo unali waufupi:

"Atate anga amwalira m'mawa uno. Ngati pali wina angabwere kudzapemphera nafe, ndimakhala kunyumba za ogwira ntchito kuchipatala, yachitatu kuchokera pa mpope."

Zithunzi za kwaya sindinaziike tsiku limenelo. Ndinakhala pampando uja mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati angakhome chitseko.

M'mawa mwake ndinapempha chilolezo kwa ahedi ndipo ndinapita kuchipatala. Ndinafunsa za a Sista Mwiinga, anandiuza kuti ndidikire, ali ndi mayi woyembekezera. Ndinadikira pa benchi pafupifupi ola lathunthu, ndikukonza mumtima mawu oti ndinene. Atatuluka ndinaona mayi wamfupi, wovala magalasi, akupukuta m'manja. Mawu onse ndinakonza aja anathawa.

"Ndine wa ku mpingo," ndinatero. "Ndine ndimasamalira webusaiti. Mauthenga anu ndawaona dzulo."

Anandiyang'ana nati, "Dzulo?"

"Inde, dzulo."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangokhala pansi kumapeto kwa benchi, navula magalasi, nayamba kundifotokozera modekha ngati mmene amafotokozera odwala za mankhwala.

Atate awo anali mkulu wa mpingo kwawo kwa zaka zambiri. Amayi a Sista atamwalira, matenda aja nkuwagwira atatewo, panalibe wina woti awasamale, choncho a Sista atalandira kalata yobwera ku Chama anawatenga. Ulendo wake unali wa masiku awiri pa basi. Atangofika, katundu asanamasule nkomwe, mdalayo anayamba kufunsa kuti tchalitchi chili kuti. A Sista sankadziwa munthu aliyense kuno. Anatenga foni, nalemba dzina la mpingo ndi dzina la Chama, ndipo tsamba lathu linatuluka. Anasangalala. Anawaonetsa atate awo chithunzi cha tchalitchi, mdalayo nati, "Ndi chachikulu. Tiyamba Lamulungu lomweli."

Analemba uthenga uja, nadikira. Loweruka litafika popanda yankho, anaganiza zongotsatira zimene zinalembedwa patsambapo, kuti mapemphero amayamba hafu pasiti naini.

Inu a mpingo wathu mukudziwa kale vuto. Zaka ziwiri zapitazo, chifukwa cha kutentha kwa kuno kuchigwa, tinagwirizana zoyamba mapemphero hafu pasiti seveni kuti dzuwa likamakwera tikhale titatuluka. Zinalengezedwa paguwa, aliyense anamva, ndipo sitinabwererenso ku nthawi yakale. Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinakweza nawo dzanja povomereza. Koma pa webusaiti sindinasinthe.

"Atate anavala jekete ndi tayi," anatero a Sista. "Ndinawauza kuti kuno kukutentha, koma anati kunyumba ya Mulungu sangapite ndi shati yokha. Ndinawakankha kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi. Mchenga wa pamsewu uja mukuudziwa. Matayala amangotitimira, ine nkumakoka chobwerera m'mbuyo. Tinafika onse tili thukuta lokhalokha, ndipo tinapeza anthu akutuluka."

Anaima pansi pa mtengo wa mango uli m'mbali mwa msewu. Anthu ankawadutsa, ena nkuwapatsa moni m'Chisenga, iwo osadziwa kuyankha kwake. Palibe amene anafunsa ngati abwera kutchalitchi. Mdalayo anayang'ana masitepe anayi aatali a pakhomo pathu, amene tinawakweza dala chifukwa cha madzi a m'dzinja, ndipo anauza mwana wakeyo kuti, "Tiye tizipita. Tachedwa."

Apa ndiyenera kuulula chinthu chimene ndinalephera kuwauza a Sista pa benchi paja. Lamulungu limenelo ndikulikumbuka. Ndinawaona, mayi ndi mdala wa jekete pansi pa mango. Ndinaganiza kuti ndi anthu ochokera kuchipatala amene akupumako pamthunzi, ndipo ndinadutsa ndikucheza ndi mnzanga za mpira.

Ndinafunsa a Sista chifukwa chimene sanabwerenso sabata yotsatira, poti nthawi yeniyeni anali ataidziwa.

"Masitepe aja," anayankha. "Pankafunika amuna awiri kapena atatu oti awanyamule. Atate anali munthu wozolowera kuima kutsogolo kwa anthu. Kunyamulidwa ngati thumba ndi anthu osawadziwa, mpingo wonse ukuyang'ana, anakana. Anati tidikire kaye atiyankhe, mwina atumiza mkulu wina adzatione, tidziwane, ndiye kunyamulidwa ndi abale sikuchititsa manyazi. Lamulungu lililonse ankandifunsa, 'Ayankha?' Ine nkumati, 'Netiweki ya kuno ndi yovuta, atate.' Patapita mwezi analeka kufunsa."

"Nanga bwanji simunafunse anzanu a pantchito? Ena mwa iwo ndi a mpingo wathu."

Funsoli litangotuluka ndinadziwa kuti ndalakwitsa.

"Aticha, munthu ukagogoda pakhomo, nyale ikuyaka, anthu akuoneka m'katimo, koma osatsegula, umaganiza chiyani? Ine ndinaona ngati mwandiyankha kale. Uthenga wachiwiri uja ndinaulemba chifukwa cha atate, osati chifukwa ndinali ndi chiyembekezo."

Maliro anakhala masiku awiri panyumba pawo abale asanafike kudzatenga thupi kukaika kwawo. Amene anabwera pamaliropo ndi anzawo a kuchipatala, komanso mayi wina wogulitsa tomato pamsika amene amapemphera mpingo wina. Mayiyo anaitana anzake, ndipo ndi iwo amene anapemphera. Manje a Sista amapita ku mpingo umenewo akakhala kuti sali pantchito. Anandiuza zimenezi mosabisa.

Nditabwerera kusukulu ndinatsegulanso tsamba lathu, ndikuyesa kuliwerenga ngati munthu amene watsika basi dzulo.

Choyamba kutuluka ndi chithunzi chachikulu cha akulu a mpingo ataima pamzere, chimene pa netiweki yathu ya kuno chimatenga nthawi yaitali kuti chioneke chonse. Pansi pake pali mbiri ya mpingo, ndime zisanu ndi imodzi, kuyambira pamene oyamba ankapempherera pansi pa mtengo. Kenako maina a makomiti onse, wapampando, wachiwiri wake, mlembi, mpaka komiti yokongoletsa guwa. Nthawi ya mapemphero, yolakwika ija, inali pansi penipeni ndi zilembo zazing'ono. Panali chilengezo china chakuti "Amayi akumane Lachinayi malo amasiku onse." China chinati "Pulakatisi ya kwaya kwa a NyaGoma." Malo amasiku onse ndi kuti? A NyaGoma ndi ndani, ndipo amakhala kuti? Njira yofikira kutchalitchi sinalembedwe paliponse. Zoti ulaliki umakhala m'Chitumbuka ndi Chisenga, nkumamasuliridwa pang'ono m'Chinyanja, palibe pamene tinanena.

Ndinazindikira kuti tsamba lonselo ndinalembera anthu amene salifuna nkomwe. A NyaGoma safunikira intaneti kuti adziwe kwa a NyaGoma. Mkulu wa mpingo safufuza pafoni kuti adziwe nthawi ya mapemphero. Munthu yekhayo amene amatsegula tsamba la mpingo ali ndi funso lenileni ndi mlendo, ndipo iyeyo ndi amene ndinamuiwala.

Kodi ndi ine ndekha? Madzulo a tsiku lomwelo ndinayang'ana masamba a mipingo ina, ya kuno kwathu ndi ya m'matauni. Sinditchula maina, chifukwa ine ndilibe pakamwa podzudzulira wina sabata ino. Koma zambiri zinali zofanana ndi zathu. Zithunzi za atsogoleri, zikwangwani za misonkhano imene inatha kalekale, nambala ya foni imene ukaimba siilowa.

Chodabwitsa nchakuti ife timadzitama kuti timadziwa kulandira alendo. Lamulungu lililonse wolengeza amati, "Ngati pali alendo pakati pathu, aimirire." Timawaombera m'manja, kwaya nkuwaimbira kanyimbo, wina nkuwasiyira malo pa benchi ya kutsogolo. Zonsezi ndi zabwino. Koma zimachitikira munthu amene wakwanitsa kale kupeza njira, kufika pa nthawi yake, kukwera masitepe ndi kulowa. Amene anabwerera panjira sitimuwerenga, chifukwa sitinamuone.

Taganizirani mmene boma lathuli lilili. Chaka chilichonse kumabwera aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi alangizi a zaulimi ochokera kutali, ena sanamvepo Chisenga chiyambire. Amatsika basi ndi matiresi ndi chikwama, mabanja atawasiya m'tauni. Ena amapitirira kupita ku Tembwe kapena ku Chikwa, nkumabwera pa boma kumapeto kwa mwezi. Kale munthu wotere ankafunsa mwini nyumba kapena wogulitsa m'sitolo. Manje amafunsa foni kaye, ali yekha m'chipinda, asanalimbe mtima kufunsa munthu. Pamenepo ndi pamene amakumana nafe koyamba, ife osadziwa. Ndipo mafunso ake sakhala a ziphunzitso zakuya. Amafuna kudziwa nthawi, njira, chilankhulo, ngati ana ali ndi kalasi yawo, ngati mayi wovala thalauzi angalowe osayang'anidwa, ngati wodwala miyendo angakwere.

Lachitatu madzulo akulu a mpingo amakumana, ndipo ndinapempha kuti andipatse mphindi zochepa. Ndinawerenga mauthenga onse awiri mokweza. Kenako a Kumwenda, mkulu amene wakhala mu mpingowu ine ndisanabadwe, anakonza pakhosi.

"Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni," anatero, "koma tisadziimbe mlandu mopitirira. Kale kunalibe mawebusaiti, alendo ankafika ndithu. Mlendo ali ndi pakamwa. Akanafunsa."

A NyaZimba, amene amatsogolera amayi, ndi munthu wosalankhulalankhula pamisonkhano. Tsiku limenelo sanadikire kupatsidwa mpata.

"Anafunsa, a Kumwenda. Anafunsa kawiri. Tinamuuza tokha kuti atilembere."

A Kumwenda anangoyang'ana pansi, kenako anafunsa dzina la malemuwo, nalilemba kuseri kwa pepala la zokambirana.

Abusa anayesa kundipeputsira katundu, amvekere mlanduwu ndi wa mpingo wonse. Ndikuwathokoza, koma sindikuvomereza kwenikweni. Pasiwedi inali ndi ine ndekha. Sindinauze munthu wina aliyense, chifukwa ndinkakonda kuti anthu azinena kuti za webusaiti amadziwa ndi aticha. Ndikanapatsa munthu mmodzi yekha mwayi wotsegula bokosi lija, mwina mdala uja akanapeza abale oti amunyamule.

Tsambalo ndalisintha Lachinayi. Pamwamba penipeni manje pali nthawi yoona ya mapemphero, ndi njira: kuchokera pamsika, kutsata msewu wa kuchipatala, kukhotera kumanja pa chigayo. Ndalemba zilankhulo zimene timagwiritsa ntchito, ndi kuti amene samva Chitumbuka akhale mbali ya kumanzere kumene kumakhala womasulira. Za masitepe ndalemba zoona zake, kuti alipo anayi, ndi kuti amuna a mpingo agwirizana zomanga njira yotsetsereka pakhomo la m'mbali. Mbiri ya mpingo ndi maina a makomiti ndazitsitsa pansi, ofuna adzazipeza. Mauthenga manje amafika pafoni za anthu atatu, ine, a NyaZimba ndi mlembi. Ntchito yonseyi inanditengera maola awiri. Ndinakhala ndikuganizira maola awiri amenewo usana wonse.

A NyaZimba anali ndi ganizo lina. Anati maliro sapepeseka pa intaneti, tiyenera kupita. Ndinawaimbira a Sista kuwafunsa ngati angatilandire. Iwo anati, "Loweruka masana ndilipo."

Tinapita anthu asanu ndi awiri: amayi anayi, abusa, a Kumwenda ndi ine. Amayi ananyamula nkhuni ndi mpunga wa kuno kwathu, monga timachitira pa maliro, ngakhale kuti malirowo anali atatha miyezi iwiri. A Sista anatiyalira mphasa pakhonde. Abusa anapepesa m'malo mwa mpingo, a Kumwenda nawonso anapepesa m'malo mwa iwo okha, zimene sindinayembekezere. A Sista ankangogwedeza mutu. Sanatilonjeze kuti adzabwera kwathu, ndipo palibe amene anawapempha.

Titatsala pang'ono kutsanzika, analowa m'nyumba natuluka ndi buku la nyimbo lakale la Chitonga, chikuto chake chomatidwa ndi tepi. Anatsegula patsamba lina lopindidwa pakona.

"Iyi kwanu kuno mumaimba?" anafunsa, nang'ung'udza mzere woyamba.

A NyaZimba anaizindikira nthawi yomweyo. Ili m'buku lathunso, maimbidwe ake omwewo, mawu okha ndi amene ali m'Chitumbuka. Anaiyamba motsitsa, amayi ena nalandira, a Kumwenda nalowa ndi besi yawo yonjenjemera. A Sista ankaimba m'Chitonga, ife m'Chitumbuka, mpaka ndime zonse zinatha. Ine sindinathe kuimba.

Atatseka bukulo anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana msewu wopita kutchalitchi kwathu, umene kuchokera pakhonde pawo ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu basi.

"Akanaimva iyi," anatero, "akanalola kuti muwanyamule."

Inu amene mumasunga pasiwedi ya tsamba la mpingo wanu, bokosi la mauthenga munalitsegula liti komaliza?